Lipoti la msonkhano wa chilala ku ofesi ya FSA

A tcheya, a msungichuma ndi nonse a pagulu lathu la mbuzi ndi ng'ombe kuno ku Texas, ndabwerako kumsonkhano munandituma uja, wa a Farm Service Agency (FSA), nthambi yoona za alimi ya USDA, unduna wa zaulimi wa boma la America. Ndalama zachipepeso cha msipu zilikodi, pulogalamu yake ndi LFP (Livestock Forage Disaster Program, yolipira oweta ziweto msipu ukawonongeka ndi chilala), koma musaganize kuti munthu umangopita nkukalira kuti udzu wauma basi akupatsa cheke ayi.

Amene amagamula ndi mapu. Pali mapu a chilala otchedwa US Drought Monitor, amatuluka Lachinayi lililonse, ndipo amaika dera pa D0 (kouma pang'ono) mpaka D4 (chilala choopsa kwambiri). County yathu ikakhala pa D2 kwa masabata 4 otsatizana nthawi yodyetsera ziweto amalipira ndalama za chakudya cha ziweto cha mwezi umodzi, kale anali masabata 8 koma lamulo la 2025 linatsitsa. Ikangofika D3 ndi miyezi 3, D4 ikakhalitsa masabata 4 ndi miyezi 5. Ndiye olo kwanu kuume gwa, ngati mapu sakutero palibe chanu, ndipo apa azibambo a zipewa oweta ng'ombe omwe anali pamsonkhanopo anang'ung'udza kwambiri chifukwa mvula imatha kugwa mbali imodzi ya county mbali inayo kuli fumbi lokhalokha.

Pomwe ndikufuna timvetsetsane ndi pa masamu. Salipira zomwe tawononga pogula mabelo a udzu. Amawerengera mtengo wa chakudya cha mwezi potengera mtengo wa chimanga, ng'ombe yaikulu amati imadya mapaundi 15.7 patsiku, kenako amawerengeranso kuti malo athuwo mwachilungamo angakwane ziweto zingati, pa ziwirizo amatenga yochepayo nkupereka 60 peresenti yake. Zija timakangana zoti tionjezere mbuzi pamalo omwewo zija, kumbali ya ndalamazi sizitithandiza olo pang'ono, malo akati akukwana zakuti ndi zomwezo basi zotsalazo mudyetsa nokha. Ine ndikuona ngati tiyambe tagulitsako zina msipu usanatheretu, komabe zimenezo ndi za gulu osati za ine ndekha.

Chachiwiri ndi mapepala, ndipo apa ndiye tili mmadzi. Ziweto zikhale zoti unali nazo mmasiku 60 chilala chisanayambe. Malo odyetsera akhale olembetsedwa pa fomu ya FSA-578, ya maekala ija, kenako ndi pomwe umadzaza CCC-853 yopemphera ndalamazo, tsiku lomaliza ndi 1 Malichi chaka chotsatira. Malo a lendi amafuna umboni woti ndiwe amene ukudyetserapo ndipo chilala chikakantha woluza ndi iwe, nanga ife lendi yathu sitinangogwirizana pakamwa ndi mdala mwini malo? Msipu wothirira sulowa, ziweto zonenepetsera mu feedlot sizilowanso. Wopempha akhale nzika kapena wa green card, imeneyi tikambirane pa Zoom osati pano.

Malire a ndalama zomwe munthu angalandire ku LFP ndi $125,000 pachaka, ife sizikutikhudza kkkk.

Funso munandipatsira lija, loti kodi amalipiranso msipu ukapsa ndi moto, ndinafunsa. LFP imalipira za moto pokhapokha ngati malowo ndi a boma la federal ndipo akuletsa kudyetserapo. Kuno ku Texas malo ambiri ndi a anthu, ngati omwe anapsa pa moto wa Smokehouse Creek mu 2024 uja unanyeketsa maekala opitirira 1 miliyoni, ndiye zikatero umapita ku ELAP, pulogalamu ina ya FSA ya thandizo langozi kwa oweta ziweto, yomwenso imathandiza pa ndalama zotungira madzi a ziweto ndi thiransipoti ya chakudya. Ziweto zikafa ndi tsoka la nyengo pali pulogalamu inanso ya chipepeso, LIP. Malisiti a madzi ndi mabelo tisamataye mgalimoto chonde.

A msungichuma mutitumizire chiwerengero cha ziweto ndi masiku omwe tinagula, a tcheya mukaonane ndi mdala uja atisayinire lendi sabata ino, ine ndikatenga mafomu ndikabuke tsiku lokalembetsa maekala.