Banja likatha musadikire kuti katundu ayambe wagulitsidwa

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko za khalidwe lina limene lachuluka kuno ku Mzuzu, loti banja likatha wina amakakamira katundu yense kapena kumugulitsa mwakabisira mnzake asanalandire olo supuni. Ambiri olira ndi ife azimayi, koma abambo zimawaonekeranso, makamaka aja amapita ku Joni kumatumiza ndalama zomangira, pobwera n'kupeza poloti inalembedwa m'dzina la alamu awo. Malamulo alipo ndithu, koma amathandiza munthu wofulumira, ndipo ife timataya miyezi kwa ankhoswe pamene mnzathuyo ali kalikiliki ndi madobadoba kusaka wogula.

Ankhoswe sindikuwanyoza ayi, ntchito yawo ndi yaikulu, koma nkhoswe ilibe mphamvu yoletsa kusintha dzina pa pepala la nyumba. Mchemwali wanga wina wa kutchalitchi anamanga nyumba ndi amuna ake ku Mchengautuwa, malata anagula yekha ndi ndalama za banki mkhonde, geni yake ya kaunjika ndi imene imadyetsa ana bambo akumanga. Atasiyana anauzidwa kuti dikirani akuluakulu a kumudzi abwere tikhale pansi, iye n'kudikira mwaulemu. Tsiku lina anangoona munthu wachilendo akuyeza pabwalo ndi tepi, wanyamula envulopu ya khaki, akuti mayi ndagula ine pano ndikupatsani mwezi umodzi mukhale mutasamuka. Makatani a pawindo anali omwe aja anasoka yekha.

Kuno kumpoto pali mawu ena amene amatifoola, akuti tinakulowola ndiye ulibe chako pakhomo pano, nyamula zovala ndi mapoto uzipita kwanu. Malowolo ndi mwambo wathu ndipo timaulemekeza, koma sakufafaniza Konsitityushoni. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti ukwati ukatha mayi ayenera kulandira gawo loyenera la katundu amene anali wa awiriwo, komanso chithandizo choyenera. Ndiye pali lamulo la Marriage, Divorce and Family Relations Act la 2015, gawo 74 limauza khoti kuti pogawa katundu liziona ndalama zimene aliyense amapeza, zosowa zake, msinkhu ndi thanzi lake, komanso zimene anathandizapo, kuphatikizapo ntchito za pakhomo. Eya, kuphika, kuchapa ndi kulera ana amawerengera, musalole munthu akuuzeni kuti inu mumangokhala. Lamulo lomweli limazindikira ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, wa chikhalidwe, ngakhalenso wongolowana ngati khoti lakhutira kuti munakhala ngati banja zaka zosachepera 5.

Koma tisanamizanenso kuti chilichonse ndi hafu hafu. Khoti limafunsa kuti katunduyu anapezeka liti, ndani anaikapo chani, ndipo cholinga chinali choti akhale wa banja kapena wa munthu mmodzi. Apa m'pamene malisiti amagwira ntchito. Lisiti la simenti, buku la banki mkhonde losonyeza ngongole imene munatenga, mameseji a Airtel Money kapena Mpamba, zithunzi za nyumba ili pa fawundeshoni, mmisiri amene ankalandira ndalama m'manja mwanu, zonsezi ndi umboni. Ife timasunga zithunzi za pa bridal shower mufoni koma lisiti la malata timayatsira mbaula.

Tsono mukangomva mphekesera zoti nyumba ikutsatsidwa, chinthu choyamba ndi chiletso cha kukhoti, injunction ija timaimva pa wailesi andale akamatenga. Si ya andale okha ayi, inunso mutha kupempha khoti kuti liletse kugulitsa, kubwereketsa kapena kusamutsa katundu mpaka nkhani yogawana itatha, ndipo ngati zili zachangu khoti limatha kupereka chiletso chongoyembekezera winayo asanaitanidwe n'komwe. Ngati nyumba ili ndi title deed pitaninso ku ofesi ya Lands mukalembetse caution pansi pa Registered Land Act, kuti aliyense wofuna kusintha umwini apeze kuti pali wina akudandaula. Mapoloti ambiri a m'makwalala athu ano mapepala ake ali ku khonsolo ya mzinda kapena anangosainirana pamaso pa a block leader, kumenekonso kasiyeni kalata ndi kope la chiletso, musunge lanu lodindidwa. Galimoto chimodzimodzi, a Road Traffic adziwe blue book isanasinthidwe dzina. Kulemba pakhoma ndi penti kuti nyumba ino sikugulitsidwa kumaopseza ogula ena, koma penti amafufuta usiku umodzi.

Nanga ngati khoti linagamula kale koma munthu akukana kupereka? Ambiri amaika chigamulo mu sutikesi n'kumati boma linakanika kundithandiza. Khoti silingadziwe lokha kuti mnzanu sakumvera, muyenera kubwerera kukanena. Kunyozera lamulo la khoti ndi mlandu woti munthu atha kulipitsidwa kapena kutsekeredwa, ndipo kuli ma sheriff amene ntchito yawo ndi kukalanda katundu potsata chigamulo. Ngati wagulitsa kale, mutha kupempha kuti akupatseni gawo lanu pa ndalamazo kapena khoti liwerengere zimenezo pogawa katundu wotsala. Kubweza nyumba yeniyeniyo ndiye kumavuta ngati wogulayo anagula mosadziwa kanthu ndipo dzina linasinthidwa kale, ndalamanso nthawi zambiri mumapeza zinadyedwa kalekale, n'chifukwa chake ndikukakamira za kufulumirazi.

Maukwati a chikhalidwe amathera kwa majisitireti, koma nkhani ikakhudza umwini wa malo a title deed imatha kukafika ku High Court, mwayi wake kuno ku Mzuzu tili nayo pompano. Za loya musaope kwambiri, a Legal Aid Bureau ali ndi ofesi mumzinda muno ndipo anakhazikitsidwira anthu amene sangakwanitse kulipira loya wapadera, kungoti anthu amakhala ambiri ndiye muzilawira ndipo muzikumbutsa fayilo yanu. Ngati pali kuopsezana kapena kutulutsana m'nyumba usiku, a Victim Support Unit kupolisi alipo, ndipo lamulo la 2006 loteteza ku nkhanza za m'banja limawerengera nkhanza za pachuma. Koma apolisi sagawa katundu, imeneyo ndi ntchito ya khoti. Komanso musapite ndi achimwene anu kukathyola loko n'kutuluka ndi fuliji, mudzasanduka wolakwa ndinu.

Ogula nanunso chonde, nyumba ikatchipa modabwitsa ku Chibavi kapena ku Zolozolo ndipo mwini wake akufuna kashi lero lomwe, funsani aneba kuti mayi a pakhomopo ali kuti, mukafufuze ku Lands kapena ku khonsolo musanapereke ndalama, ndipo onse awiri asaine inu mukuona.

Ine wanu,
Mayi wa ku Chiputula, Mzuzu