Kalata kwa mdzukulu wanga: mwiniwake wa Wednesday

Mdzukulu wanga wokondedwa,

Uli bwanji? Ife kuno tadzuka bwino. Amayi ako andiuza kuti Wednesday akukuvuta kulemba chifukwa cha d uja amene sitimutchula. Usamukwiyire, d ameneyo ali ndi mwiniwake.

Kalekale ku Babulo, kumene lero kuli dziko la Iraq, anthu ankakonda kuyang'ana kumwamba usiku. Anaona kuti nyenyezi zambiri sizisiyana ndi zinzake, koma zisanu zimayendayenda zokha. Amenewo ndi mapulaneti: Mercury, Venus, Mars, Jupiter ndi Saturn. Venus ukumudziwa, ndi nthanda ija imawala m'bandakucha. Ukaphatikizapo dzuwa ndi mwezi zikukwana 7. Mayina amene ndatchulawa ndi a milungu ya Aroma, ndipo Aromawo anagawa masiku a pa sabata kuti lililonse likhale ndi mwini wake wakumwamba. M'chaka cha 321 mfumu yawo Constantine inalamula kuti tsiku la dzuwa likhale lopuma.

Makolo a Angerezi anatengera mwambowu, koma anali ndi milungu yawoyawo. Dzuwa, mwezi ndi Saturn anawasiya, n'chifukwa chake pali Sunday, Monday ndi Saturday. Enawo anawachotsa. Pamalo pa Mars, mulungu wa nkhondo, anaikapo Tiw, mwini Tuesday. Nthano za kumpoto kwa Ulaya zimati iyeyu anapisa dzanja m'kamwa mwa mmbulu woopsa kuti anzake athe kuumanga, ndiye mmbuluwo unaliluma n'kulidula. Ine ameneyu ndiye amandisangalatsa, ankadziwa ndithu kuti dzanjalo lipita.

Tsono d wako uja ndi wa Woden, mkulu wa milungu yonseyo. Amati anali ndi diso limodzi, linalo analipereka kuti amulole kumwa madzi a pachitsime cha nzeru. Tsiku lake linkatchedwa la Woden, pakamwa pa anthu d anazimirira, koma papepala anatsala. Thursday ndi wa Thor, wa mabingu, woyenda ndi chinyundo. Friday ndi wa Frigg, mkazi wa Woden. Zonsezi ndi nthano, mvula ikamagunda usamaope kuti kukubwera munthu ndi nyundo.

Si onse anakondwa nayo milunguyi. M'zaka za m'ma 500, bishopu Martinho wa ku Braga ku Portugal anaidzudzula kwambiri, ndipo mpaka lero Chipwitikizi chimawerenga masiku. Ku Mozambique Lolemba amati segunda-feira, tsiku lachiwiri, poti iwo amayambira pa Lamulungu.

Ifenso timawerenga, kungoti athu anatsata ntchito. Lolemba anthu ankalembedwa ntchito, kenako Lachiwiri mpaka Lachisanu, Loweruka n'kuweruka.

Undiyankhe ndi dzanja lako, undiuze tsiku limene unabadwa. Ngati sukulidziwa ufunse amayi ako, uwapatsenso moni.

Ndine,
Agogo ako aamuna