Kalata yopita ku Joni: za futsal ya Morocco

Mnzanga wokondedwa,

Kalata yako yafika, ndipo takondwa kumva kuti mwana wayamba futsal, mpira wa m'holo wa osewera asanu mbali iliyonse, kusukulu. Koma mawu ako aja akuti "kampira ka m'holo ka ana" andiwawa kwabasi. Iwe amene mu April 2016 unali ku Johannesburg komweko, matimu a mu Africa muno akulimbirana chikho cha futsal pakhomo pako penipeni, osapitako n'komwe! Alamu ako akuti ndikuuze kuti kuyambira kale masewero umangowamvera m'kamwa mwa anthu. Ine ndakuikira kumbuyo pang'ono pokha.

Wafunsa timu yoti mwanayo aziionera kuti aphunzirepo. Ndi Morocco basi. Poyamba eni ake a futsal mu Africa anali Egypt, omwe anatenga chikho mu 1996, 2000 ndi 2004, kenako Libya mu 2008. Morocco inali chabe yoperekeza anzawo. Mu 2010 timu anaipereka kwa mphunzitsi Hicham Dguig, ndipo apa ndi pamene ndikufuna umvetse. Ku chikho cha dziko lonse cha 2012 ku Thailand anagonja masewero onse atatu. Mu 2016 ku Colombia chimodzimodzinso. Kwina konse mphunzitsi wotere akanamulongedzetsa katundu, koma iwo anamusiya kuti apitirize.

Chikho cha ku Johannesburg chija anatenga ndi iwowa, atagonjetsa Egypt 3 kwa 2. Mu 2020 ku Laayoune anaikwapulanso Egypt yomweyo 5 kwa 0, ndipo mu 2024 ku Rabat anagonjetsa Angola 5 kwa 1. Katatu kotsatizana. Ndisaiwale, mu 2016 muja malo achitatu analimbirana ndi aneba athu, Mozambique ndi Zambia. Mozambique inapambana pamapenate n'kupeza malo opita ku Colombia, kumene Brazil inaithira zigoli 15 kwa 3. Kumeneko kunali kulira, koma kufikako kokha sikunali kwamasewera.

Tsopano chimene chandisowetsa tulo m'kalata yako: wati wamugulira mwana mpira wa saizi 5 ndi nsapato zamano. Mnzanga, kabweze kusitolo mawa lomwe. Mpira wa futsal ndi wa saizi 4, ndipo sudumphadumpha. Ukaugwetsa kuchokera pa mamita awiri, uyenera kunjanja masentimita 50 mpaka 65 okha. Anaupanga choncho kuti osewera aziuponda ndi kuphazi, kuukoka ndi kuugubuduza, osati kuulandira ndi mkati mwa phazi ngati pa udzu. Mwana akazolowera mpira wonjanja, pa bwalo la mamita 40 kwa 20 mpira uzingomuthawa, ndipo mdani ali pompo, palibe danga loti awukonzenso kachiwiri. Nsapato zikhale za pansi pafulati, zamphira. Zamano zija pa thabwa kapena pa simenti zimaterera ndipo zimapotola akakolo. Ndikudziwa unena kuti mpira ndi mpira, monga ananenera a malume ako tsiku la zikho za kutchalitchi lija, koma ayi. Ukalakwitsa mpira walakwitsa mwana, ndipo chizolowezi cha phazi chikakhazikika chimavuta kuchichotsa. Ndalemba mawu ambiri pa mpira wokha kuposa pa zikho zitatu, koma ndikufuna undimvere.

Chachiwiri, muuze aziwerenga mafaulo. Timu ikalakwa kasanu m'chigawo chimodzi, faulo yachisanu ndi chimodzi ndi ina iliyonse yotsatira imapereka shoti ya pa mamita 10, popanda khoma, womenya ndi goloboyi basi. Chigawo ndi mphindi 20, koma wotchi imaima mpira ukatuluka, choncho nthawi imatalika ndipo mafaulo amachuluka usakudziwa. Timu ikafika pa asanu mphindi zikadalipo, otchinga amayamba kuopa kukhudza munthu, ndipo apo ndi pamene zigoli zimalowera. Ukaionera Morocco, yang'ana momwe amatsekera njira ndi thupi m'malo moponya mwendo. Yang'ananso wakutsogolo wawo, Soufiane El Mesrar, akalandira mpira atafulatira golo, momwe amaupondera n'kumutsamira womutchinga mpaka anzake atafika. Ntchito ya wakutsogolo mu futsal ndi imeneyo. Palinso lamulo la masekondi anayi poyambitsa mpira wotuluka, lomwe ana amaligwera kawirikawiri chifukwa amaima n'kumasankha womupatsira.

Koma pali chinthu chimene chimandilemera mumtima, ndipo ndi Brazil. Ku chikho cha dziko lonse cha 2021 ku Lithuania, Morocco inatuluka m'gulu osagonja: 6 kwa 0 ndi Solomon Islands, 1 kwa 1 ndi Thailand, 3 kwa 3 ndi Portugal, Portugal yomwe inadzatenga chikhocho. Kenako anachotsa Venezuela 3 kwa 2 n'kufika mu makotafainolo koyamba. Anakumana ndi Brazil, n'kugonja ndi chigoli chimodzi chokha. Mu 2024 ku Uzbekistan anachotsa Iran 4 kwa 3, Iran yomwe inawagonjetsa mu 2012 ndi mu 2016 momwe. Tinati ulendo uno khomo latseguka. Mu makotafainolo, Brazil kachiwiri, 3 kwa 1, ndipo Brazil inapitirira mpaka kutenga chikho. Palibe timu ya mu Africa imene inafikapo mu semifainolo ya chikho cha dziko lonse. Egypt nayo inathera mu makotafainolo mu 2016, itachotsa Italy, Argentina n'kuimaliza.

Ine ndimaona kuti vuto si luso. Vuto ndi loti mu Africa muno Morocco ilibe woipanikiza mokwanira. Timu yopambana fainolo ndi zigoli zisanu siyesedwa kawirikawiri pa zimene zimachitika ikamatsalira ndi chigoli chimodzi mphindi zitatu zomaliza. Pamenepo mphunzitsi amatulutsa goloboyi n'kulowetsa wosewera wachisanu atavala jezi ya goloboyi, kuti akhale asanu kwa anayi. Njira imeneyi imafuna kuti mpira uziyenda mwachangu m'mbali, aliyense akudziwa poima. Pasi imodzi ikalakwika, mdani amangoumenya kuchokera kwawo n'kulowa mu golo lopanda munthu. Izi sizingaphunziridwe pa tsiku la masewero, ndipo mwana wako akadzayamba kuziyesa, umuuze mphunzitsi wake kuti wa kumbuyo kwenikweni asamakhale wothamanga kwambiri ayi, koma amene pasi yake siiphonya, chifukwa

Pepala latha ndipo magetsi athima. Amayi a ana akupereka moni, akuti chithunzi cha mwana chija sanachilandirebe. Mpira uja ukabweze.

Ndine mnzako wa kumudzi.