Zipata zitatu, chotsegula chimodzi: tikudikira maliro ena?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule pa zomwe ndinaona Loweruka lapitali pa bwalo lina la mpira kuno ku Mulanje. Anthu tinayamba kufika dzuwa lili paliwombo, ena ochokera ku Chitakale, ena ku Muloza, ena atangoweruka kumene m'minda ya tiyi. Bwalolo lili ndi zipata zitatu, koma akuluakulu okonza masewerowo anatsegula chimodzi chokha. Chimenechonso anangochitsegula pang'ono, munthu kulowa chammbali ngati akuzemba ngongole.

Ndinali ndi mdzukulu wanga wa zaka 9. Tinapanikizana mpaka mwana anayamba kulira, silipasi yake ina inatsala pomwepo. Chigoli choyamba tinachimvera panja, mavuvuzela akulira mkati, ife tikupondana zala. Nditafunsa mnyamata wapachipata anandiyankha kuti, "Madala, makiyi a zipata zinazo ali ndi abwana." Abwanawo ali kuti? Ali pamthunzi ku VIP, miyendo atasanjikiza. Zikomo kwambiri abwana, makiyi anu munawasunga bwino, palibe anakuberani!

Kodi taiwala kale za pa 6 July 2017? Anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anafa popondana pa Bingu National Stadium ku Lilongwe, tsiku lokondwerera ufulu wathu, zipata zitachedwa kutsegulidwa. Limenelo ndi bwalo lamakono, la anthu oposa 40,000, lomangidwa ndi ngongole ya ku China, ndipo linali lisanathe n'chaka chomwe chitsegulireni. Ngati zinachitika pamalo otakasuka chonchija, nanga pa kabwalo kathu kopanda ndi pothawira pomwe?

Paja ife akummwera takhala amasiye. Kamuzu Stadium inakalamba, ndiye ukafuna kuonera Flames ukwere basi mpaka ku Lilongwe, ukafikenso n'kukhala kutali ndi osewera chifukwa cha njira yothamangiramo ija yozungulira bwalo. Ndiye kwathu konkuno, komwe mpira timauona pafupi mpaka kumva wosewera akutukwana mnzake, mutitsekerenso panja?

A bungwe loyendetsa mpira la FAM, a Unduna wa Zamasewero ndi apolisi, chonde lamulani kuti zipata zonse zizitsegulidwa maola atatu mpira usanayambe, matikiti azigulitsidwa dzulo lake, ndipo ana ndi amayi akhale ndi khomo lawolawo. Silipasi ya mwanayo ndagula kale ina, musavutike.

Wokonda mpira,
Chitakale, Mulanje