Za mawu aja akuti boma

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Johannesburg kumeneko. Kuno ku Mzuzu kukuzizira kwambiri, m'mawa uliwonse chifunga chimachita kuphimba Katoto yense.

Nkhani munayamba pa foni ija sinandichoke m'mutu. Munati mnzanu wakuuzani kuti "boma" ndi chidule cha British Overseas Military Administration. Inenso ndinakula ndikumva zomwezo, koma si zoona ayi, ndipo zimandipweteka kuti ana athu akuzilandira chonchi. Mawuwa ndi a Chiswahili, analipo kale Angerezi asanakhazikitse ulamuliro wawo kuno mu 1891. Kwa Aswahili, boma ndi mpanda wa mitengo kapena wa minga wozinga mudzi kapena ng'ombe, kuti adani ndi zilombo zisalowe. Ife timati linga, zikakhala ziweto timati khola. Mukukumbuka linga la Mlozi, Mswahili wogulitsa akapolo uja, ku Karonga, lija asilikali a Harry Johnston, mkulu wa atsamunda nthawi imeneyo, anagwetsa mu 1895? Mpanda wotero ndiye boma lenilenilo.

Atsamunda nawo pomanga maofesi awo oyamba ankawatchinga ndi mpanda, malowo n'kumatchedwa boma. Kumeneko n'kumene kunali bwana DC, khoti ndi ndende, n'kumenenso agogo athu ankapita wapansi kukakhoma msonkho. Pang'ono ndi pang'ono dzina la mpanda linagwera anthu okhala m'katimo, kenako dera lonse limene ankalamulira. N'chifukwa chake lero timati Malawi ali ndi maboma 28, kuno kumpoto 6, komanso tikati "boma lakweza mafuta" timanena a ku Capital Hill.

Dzulo ndinali ku depoti, kondakitala akukuwa mpaka mawu kusasa, "Mzimba boma! Mzimba boma!" Mayi wina, mwana kumbuyo, envulopu ya mapepala ataifumbata pachifuwa, anafunsa kawiri konse ngati minibasiyo ikafikedi pa boma penipeni. Ndinaima n'kumaganiza. Mzuzu uno unayamba ndi esiteti ya mitengo ya tung, ija njere zake amayengera mafuta, m'zaka za m'ma 1940, unakhala mzinda mu 1985, ndipo waposa tauni ya Mzimba kutalitali. Komabe tili m'boma la Mzimba, ndipo munthu akati akupita ku boma, palibe amaganiza za Mzuzu.

Mnzanuyo mumuwerengere kalatayi, akatsutsa afunse Mtanzania aliyense amene mumagwira naye ntchito. Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Mukabwera pa Khirisimasi tidzapitire limodzi ku Karonga, ndikufunitsitsa anawo akaone dera la Mlozi ndi maso awo.

Ndine mnzanu wa kalekale,
wa ku Chibavi