Durban si doko la katundu lokha

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za mzinda wa Durban, umene Amalawi ambiri timautchula pokhapokha galimoto kapena katundu wathu akafika padoko. Ndinakhalako milungu iwiri kocheza kwa mlongo wanga, ndipo ndabwerera kuno ku Blantyre ndikuona kuti abale athu oyenda ku South Africa akuphonya zambiri.

Mlendo aliyense amayamba wathamangira kunyanja ya mchere ya Indian Ocean, yomwe madzi ake ndi ofunda moti anthu amasambira ngakhale mu Juni, nthawi imene ife kuno tadzikuta majuzi chifukwa cha chiperoni. M'mphepete mwake muli njira ya oyenda pansi yotchedwa Golden Mile, imene imakafika pa uShaka Marine World, malo oonerako shaki ndi zamoyo zina za m'nyanja omwe anatsegulidwa mu 2004. Okonda mitengo ndi maluwa angapite ku Durban Botanic Gardens, munda umene unayamba mu 1849.

Komabe chimene chinandigwira mtima si nyanja ayi, koma dera la Inanda, kumpoto kwa mzindawu. Amwenye anayamba kufika ku Durban mu 1860 kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe, ndipo Mahatma Gandhi, amene anafika mu 1893 ali loya wachinyamata, anakhazikitsa mudzi wa Phoenix mu 1904, komwe ankasindikizirako nyuzipepala ya Indian Opinion. Chapafupi pomwepo pali sukulu ya Ohlange, imene anaiyambitsa m'busa John Langalibalele Dube, pulezidenti woyamba wa bungwe lomwe lero ndi chipani cha ANC. Pasukulu imeneyi ndi pomwe Nelson Mandela anaponyera voti yake yoyamba pa 27 Epulo 1994.

Nditaima pamanda a Dube, maganizo anga anathamangira ku Mbombwe, ku Chiradzulu, chifukwa nawonso abusa John Chilembwe anakaphunzira ku America nabwerera kudzamanga tchalitchi ndi sukulu za anthu akuda mu 1900. Kusiyana kwake n'kwakuti anzathuwo malo amenewa anawalumikiza kukhala ulendo umodzi wa alendo, wokhala ndi zikwangwani ndi anthu ofotokoza mbiri, pamene ife ana athu ambiri obadwira mu Ndirande kapena Chilomoni sanalowepo m'nyumba ya Mandala ya mu 1882, ngakhale m'tchalitchi cha St Michael and All Angels chomwe chinatha kumangidwa mu 1891. Zimenezi zimandipweteka mtima ndithu.

Pempho langa kwa amalonda ndi ena onse opita ku Durban ndi lakuti, mukatha za padoko ndi zogula pamsika wa Victoria Street, patulani tsiku limodzi mukaone Inanda, ndipo ngati muli ndi ana atengeni. Kuchokera pakati pa mzinda sipatenga ola lathunthu pa galimoto.

Wowerenga wanu,
Chilomoni, Blantyre