Kwa mdzukulu wanga wofunsa za nkhope ya Mulungu

Mdzukulu wanga wokondedwa,

Uli bwanji kumeneko? Kuno tili bwino, kungoti bondo langa lija limavutabe kukazizira. Loweruka ukukwanitsa zaka 7, ndiye ndati ndikulembere, poti pafoni umangondipatsa moni n'kuthawira kosewera. Dzino logwedera lija linachoka? Chifuwa chinatha?

Amayi ako andiuza zimene unachita ku Sande Sukulu. Akuti aphunzitsi atanena kuti palibe munthu anaonapo Mulungu, iwe unaimika mkono n'kufunsa kuti nanga Mose bwanji, si paja ankalankhula naye maso ndi maso? Mtima wanga unakondwa kwambiri, ndipo usiku umenewo tulo sitinabwere msanga.

Koma ndiyambe ndakuuza za nkhuku yako. Thadzi lamawangamawanga lija laswa anapiye 9. Lachiwiri kunagwa chizimalupsa, mvula ya mphepo ndi mabingu, ine ndili pakhonde kusankha nyemba. Madontho atangoyamba, thadzi linathamangira pansi pa nkhokwe likuitana, anapiye onse piringupiringu kulowa m'mapiko, mpaka linafufuma ngati dengu. Tsono pali kamodzi kakuda, kachidwi ngati iwe. Kankangosuzumira. Mphezi ikati ng'ani, kabwerere m'kati. Pakapita kanthawi, kamutu kaja katulukanso. Make ankangokabweza ndi mlomo pang'onopang'ono. Ndinasiya nyemba n'kumangoonerera mpaka mvula inakata, ndipo onse anatuluka ali ouma, make yekha ndiye atanyowa kumchira.

Ndipamene ndinakumbukira Mose. Uwauze amayi ako akutsegulire Eksodo 33. Vesi 11 ikuti Mulungu ankalankhula naye ngati munthu ndi bwenzi lake. Vesi 20 ikuti munthu sangaone nkhope ya Mulungu n'kukhala ndi moyo. Onsewa ali m'mutu umodzi, ndiye usaganize kuti wolembayo anaiwala zimene ananena pamwamba. Mose anapempha kuona ulemerero wonse, koma Mulungu anamuika m'mpata wa thanthwe, n'kumuphimba ndi dzanja lake mpaka atadutsa. Atachotsa dzanjalo, Mose anaona kumbuyo kokha. Ine ndimaona kuti dzanja lija linali ngati phiko la thadzi. Sikunali kum'mana ayi, kunali kumusunga.

Nanga maso ndi maso paja? Ukukumbuka tinkagona pamphasa nyali itazima, iwe n'kumandifunsa za kalulu mpaka tambala woyamba? Nkhope yanga sunkaiona, koma pakati pathu panalibe munthu wotipatsira mawu. Umu ndi mmene ndimamvera kucheza kwa Mose ndi Mulungu. Yakobonso analimbana ndi mlendo usiku wonse, n'kutcha malowo Penieli ponena kuti waona Mulungu, koma mneneri Hoseya akuti analimbana ndi mngelo. Anachokapo akutsimphina, monga ndiyendera inemu.

Filipo naye anali ndi funso ngati lako. Anapempha Yesu kuti awaonetse Atate, ndipo Yesu anamuyankha kuti amene waona Iye waona Atate. Zili pa Yohane 14. Ine ndakalamba ndisanamuone ndi maso awa, koma ndikudikira, poti Yesu analonjeza kuti oyera mtima adzaona Mulungu. Usachite mantha, sindikuthamangirako ayi, ndikufuna ndikuone kaye utavala yunifolomu ya ku sekondale.

Chinthu chimodzi chikundidetsa nkhawa. Amayi ako akuti umayang'ana dzuwa pofuna kuona kumene Mulungu amakhala. Chonde leka, mwana wanga, maso angawonongeke. Ndipo uzigona m'neti masiku onse, udzudzu wayamba ndi mvulayi.

Ndatumiza mtedza wokazinga ndi amalume ako, ugawireko mlongo wako. Kamwanapiye kakuda kaja ndakusungira, palibe akagwire. Tikatche dzina lanji? Ubwera pa Khirisimasi? Undiyankhe ndi dzanja lako, ngakhale zilembo zikhote, ndiwerenga.

Ndine agogo ako okukonda.